Wantchito amene akuphunzira apangane ndi a pakhomo za nthawi yake

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo, kudzera m'nyuzipepala yanu, za anthu amene akugwira ntchito kwinaku akupitiriza maphunziro, chifukwa anthu otere achuluka m'dziko muno ndipo ambiri mwa iwo akulemedwa popanda wowaunikira. Kuphunzira munthu ali kale pantchito si kwachilendo kwathu kuno, pakuti sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, imene lero timaitcha Malawi College of Distance Education, inakhazikitsidwa kale m'chaka cha 1965. Chimene chasintha n'chakuti njira zachuluka. Aphunzitsi akukweza maphunziro awo ku Domasi College of Education asanasiye choko. Mzuzu University ndi yunivesite ya zaulimi ya LUANAR zikuphunzitsa anthu ali kwawo, n'kumawaitana pasukulu kwa milungu yochepa yokha. M'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe makalasi a madzulo ndi a Loweruka amadzaza ndi makalaliki, ogwira ntchito m'mabanki ndi ena okonzekera mayeso a zowerengera ndalama a ICAM. Ndipo masana, ana akaweruka, m'sukulu zambiri za sekondale mumalowa abambo ndi amayi amene akufuna kukonza satifiketi yawo ya MSCE. Ine ndimaphunzitsa akuluakulu oterewa pa imodzi mwa sukulu za masanazi, ndipo zimene ndilembe pano n'zimene ndimaona mwa iwo.

Amene amasiyira panjira kawirikawiri si operewera nzeru. Vuto la fizi lilipo ndithu, ndipo sindikulichepetsa, koma ndaona anthu amene analipira fizi yonse akulephera mayeso chifukwa tsiku lawo linalibe dongosolo, moti kuwerenga kunkadikira kuti zina zonse zithe kaye, chonsecho pakhomo pa munthu wamkulu ntchito siitha. Mfundo yanga ndi yakuti wantchito amene akuphunzira afunika ndondomeko ya tsiku yokhazikika, ndiponso kuti ndondomekoyo sangaipange payekha, chifukwa m'chikhalidwe chathu nthawi ya munthu ili ndi eni ake ambiri: mkazi kapena mwamuna wake, ana, abale, mpingo ndi mudzi. Ndandanda yolembedwa mwachinsinsi n'kumatidwa kukhoma, anthu a m'nyumba asakudziwa kanthu, imafa mlungu woyamba womwewo.

Tiyambe n'kuwerengera, pakuti ambiri amalembetsa sukulu asanawerengere. Mlungu uli ndi maola 168. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito, kupatula ovataimu, asapitirire 48 pa mlungu. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7 usiku uliwonse, ndiye kuti 49 pa mlungu. Wokhala ku Machinjiri kapena ku Chirimba amene amagwira ntchito ku Limbe, tikaphatikiza kuyenda kupita pasiteji, kudikira kuti minibasi idzaze ndi kuthithikana kwa magalimoto pamsewu, akhoza kutaya maola awiri pa tsiku, ndiye kuti 12 pa masiku asanu ndi limodzi. Otsala ndi maola 59, ndipo m'menemo ndi mmene muyenera kutuluka kuyatsa mbaula, kuphika, kudya, kusamba, kuchapa, kusita, kukatunga madzi m'mipopi mukauma, kupita kumsika, kupemphera, kuzonda odwala ndi kucheza ndi ana. Munthu akachotsa zonsezi moona mtima amapeza kuti nthawi yeniyeni ya mabuku ndi ola limodzi ndi theka kapena maola awiri pa tsiku, kuwonjezerapo chigawo chimodzi chachitali kumapeto kwa mlungu. Nthawi imeneyi ndi yokwanira ngati ikusungidwa tsiku ndi tsiku, koma siingakwanire munthu amene watenga maphunziro ochuluka kuposa mphamvu zake pofuna kumaliza msanga. Kumene sukulu imalola kutenga maphunziro ochepa pa teremu, ndi bwino kuwonjezera chaka mwadala kusiyana n'kubwereza zaka ziwiri mokakamizika.

Funso lotsatira ndi lakuti maola awiriwo aikidwe pati. Ine ndimalimbikitsa m'mamawa. Madzulo munthu amafika wotopa, ana akufuna chakudya, alendo akuodira pakhomo, wailesi ikulira, ndipo ndi nthawi yomweyo imene magetsi amavuta kwambiri chifukwa aliyense amawafuna. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinalili namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, moti odalira kuwerenga usiku anavutika kwa miyezi yambiri. Ndipo ambiri alibe n'komwe magetsiwo, pakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti pa mabanja pafupifupi asanu ndi anayi alionse, limodzi lokha ndi limene limaunikira ndi magetsi. M'mamawa mulibe wogogoda pachitseko, mutu umakhala utapuma, ndipo kuyambira Okotobala mpaka Disembala kunja kumayera cha m'ma 5 koloko, kotero kuti munthu angathe kuwerenga pakhonde popanda nyali. Mu Juni ndi Julayi kumachedwa kucha ndipo kumazizira, choncho pamafunika juzi ndi nyali ya sola imene yakhala padzuwa dzulo lake.

Koma wofuna kudzuka 4 koloko ayenera kugona 9 koloko, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amawonjezera kuwerenga pa tsiku lodzaza kale osachotsapo kanthu, ndiye chimene chimadulidwa ndi tulo. Tinazolowera kuyamikira wophunzira amene amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asawodzere, ngati kuti kuzunzika ndiye chizindikiro cha khama. Mwana wa fomu 4 mwina angapirire zimenezi kwa milungu iwiri ya mayeso, koma munthu wa zaka 40 amene kukacha akayendetsa njinga yamoto, akabaya odwala jakisoni kapena akasunga ndalama za eni, sangachite zotere kwa zaka zitatu osavulala kapena kuvulaza ena. Komanso ndi m'tulo mmene ubongo umakhazikitsa zimene munthu waphunzira, moti wowerenga mpaka 2 koloko usiku amataya gawo la zomwe wawerengazo. Mu 2021 mabungwe a dziko lonse a zaumoyo (WHO) ndi a zantchito (ILO) anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti ogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa mlungu ali pa chiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 peresenti, ndiponso chiopsezo chofa ndi matenda a mtima chokwera ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Kafukufukuyo ankanena za ntchito yolembedwa, koma wantchito wophunzira amve chenjezo lake, pakuti maola 48 a kuntchito akaphatikizidwa ndi 14 a mabuku apitirira kale muyeso umenewo, ndipo matenda a kuthamanga kwa magazi sakusowanso pakati pathu.

Chifukwa chowerengera pang'ono tsiku lililonse m'malo mounjika zonse Loweruka n'chodziwika kuyambira kale. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza mu 1885 kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyamba atangophunzira chinthu, ndiponso kuti kubwereza motalikitsa nthawi kumachepetsa kuiwalako. Choncho zovuta kumvetsa, monga masamu ndi mitu yatsopano, zipatsidwe m'mamawa. Kubwereza kuchitike m'timipata ta masana, m'minibasi kapena pa nthawi ya nkhomaliro, pogwiritsa ntchito timapepala tolembapo mfundo zikuluzikulu. Ndipo ntchito zolemba zazitali, zimene zimafuna kukhala pansi maola atatu kapena anayi, zidikire kumapeto kwa mlungu. Za foni ndingonena mwachidule. Masiku ano manotsi ndi mauthenga a kalasi amabwera pa WhatsApp, ndiye munthu amatsegula foni kuti aone funso limodzi, n'kupezeka kuti theka la ola latha akuyankha magulu a kumpingo, a kumudzi ndi a anzake akale a kusukulu. Zofunika kuwerenga zikopedwe usiku wa dzulo lake, ndipo pa nthawi yowerenga intaneti izimitsidwe.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Zonse ndanenazi sizingatheke ngati a pakhomo sanavomereze, ndipo sangavomereze chinthu chimene sanauzidwe. Munthu asanalipire fizi akhale pansi ndi mkazi kapena mwamuna wake, ndi ana osinkhuka, ndi mbale aliyense wokhala m'nyumbamo, n'kuwafotokozera kuti maphunzirowa atenga zaka zingati, adya ndalama zingati, ndipo nthawi yake ichokera kuti. Kenako agawane ntchito potchula maina ndi masiku: wophika Lachiwiri ndi Lachinayi ndi uyu, woperekeza mwana kusukulu ndi uyu, wolandira alendo Loweruka m'mawa ndi uyu. Kungolonjezana kuti tidzathandizana sikuthandiza, chifukwa tsiku la kutopa likafika aliyense amayang'ana mnzake.

Katunduyu amalemera kwambiri kwa amayi, ndipo tisabise. Bambo akalembetsa sukulu, nyumba yonse imayenda monyang'ama, ana amauzidwa kuti asasokose, tiyi amamupeza patebulo. Mayi akalembetsa, ntchito zake zonse zimakhala zikumudikirabe. M'kalasi mwanga mumafika mayi wina amene amagulitsa pasitolo m'mawa. Amalowa phunziro litayamba kale, mwana ali kumsana, thukuta lili kamukamu, ndipo akatulutsa kope m'chikwama mumatulukanso kabuku ka kusikelo ndi kathumba ka tomato wa ndiwo za madzulo. Amalemba mwana akuyamwa, ndipo ndikafunsa funso dzanja lake limakhala loyamba kukwera. Ntchito ya kunyumba yokha ndi imene sabweretsa, ndipo nditamufunsa anandiwerengera tsiku lake kuyambira kusesa m'bandakucha mpaka kutsuka mbale usiku, ine n'kulephera kupezamo ngakhale theka la ola loti n'kumuuza kuti awerengerepo. Mayi ameneyu safunika kuphunzitsidwa kusunga nthawi. Afunika munthu wina wa m'nyumba mwake atenge mphika kawiri pa mlungu. Ndikupempha abambo anzanga kuti tiganize mofatsa: satifiketi imene mayi akuivutikira idzadyetsa nyumba yonse, ndipo mwamuna amene wasambitsa ana kapena kuphika nsima kuti mkazi wake awerenge sanatsike ulemu ngakhale pang'ono. Apongozi ndi alamu nawonso aleke kunena kuti mkazi wa uje wayamba matama chifukwa sanatuluke kudzacheza.

Ana asaonedwe ngati chopinga chokha. Kumene kuli ana a sukulu, ola limodzi la madzulo lingakhale la mabuku kwa nyumba yonse, wailesi itazimitsidwa, kholo ndi ana atazungulira nyali imodzi. Kholo silingawerenge zozama pa nthawi imeneyi chifukwa mafunso a ana sasiya, koma lingabwereze manotsi, ndipo ana amazolowera kuti m'nyumba muno buku limalemekezedwa.

Pali zinthu zina zimene ndandanda iliyonse ya kuno iyenera kuzisiyira malo, ndipo choyamba ndi maliro. Palibe munthu wa nzeru amene angakane kukagona pasiwa ya mnansi chifukwa ali ndi ntchito yolemba, ndipo sindingalangize aliyense kutero. Matenda nawo sapangana ndi munthu. N'chifukwa chake ndondomeko yodzaza mpaka pakamwa ndi yolakwika kuchokera pachiyambi. Mlungu uliwonse pakhale chigawo chimodzi, monga Loweruka masana, chimene sichinapatsidwe ntchito, kuti zimene zalephereka chifukwa cha zovuta zikalowe m'menemo, ndipo ntchito yoti iperekedwe Lachisanu munthu adziikire kuti aimalize Lachiwiri. Koma tisiyanitse maliro ndi zina zimene timangochita manyazi kukana. Munthu mmodzi amapezeka kuti ndi mlembi wa komiti ya ukwati, msungichuma wa banki m'khonde, wa kwaya, ndiponso wapampando wa komiti ya chitukuko kumpingo, kwinaku akuyembekezera kukhoza mayeso. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Kupita kwa abusa kapena kwa akulu a mpingo n'kupempha mwaulemu kuti upume pa udindo kwa zaka ziwiri si kubwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro, ndipo atsogoleri a mipingo ndi a magulu azilandira pempho lotere ndi manja awiri, m'malo momuchititsa munthu manyazi pagulu.

Chaka nachonso sichiyenda mofanana. Ambiri a ife, ngakhale okhala m'tauni, tili ndi munda, ndipo kuyambira mvula yoyamba mpaka Febuluwale masiku a Loweruka amathera kubzala, kupalira, kuthira feteleza ndi kubandira, kenako kukolola kumabwera cha mu Epulo ndi Meyi. Aphunzitsi amapanikizika kumapeto kwa teremu ndi kuchonga mayeso, ndipo owerengera ndalama amapanikizika kumapeto kwa mwezi. Wophunzira aike kalendala ya sukulu pambali pa kalendala ya kumunda ndi ya kuntchito chaka chisanayambe, aone pamene ziwombane, ndipo ngati mayeso agwera nthawi yopalira, asungiretu ndalama ya aganyu.

Nanga nthawi ya munthu mwini? Ambiri amaiona ngati chinthu chodzachita sukulu ikadzatha, koma zaka zitatu kapena zinayi ndi zambiri kuti banja likhale likudikira. Ndaona anthu akulandira dipuloma ali okondwa, kunyumba atasanduka alendo, mwana amene anamusiya akukwawa atazolowera kuti bambo kapena mayi ndi munthu wotseka chitseko. Theka la tsiku pa mlungu, kaya ndi Lamulungu masana, kaya ndi tsiku lina malinga ndi chipembedzo ndi ntchito ya munthu, likhale lopanda buku ndi lopanda ntchito, loti munthu acheze ndi a pakhomo, akaonere mpira, asewere bawo kapena angogona. Thupi nalo lisaiwalike. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuti azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo kwa munthu wopanda nthawi njira yapafupi ndi kutsika minibasi patali pang'ono n'kuyenda mwandawala kwa theka la ola masiku asanu. Nthawi yopumayi ilembedwe pa ndandanda mofanana ndi nthawi yowerenga, chifukwa chimene sichinalembedwe ndi chimene chimayamba kulandidwa.

Kwa ophunzira apantchitowa ndili ndi mawu amodzi olimba. Nthawi ya abwana si yowerengera. Mphunzitsi amene wasiyira ana a sitandade 5 manotsi pabolodi n'kukakhala muofesi kulemba ntchito yake ya ku koleji akulanda ana amene sangathe kudandaula, ndipo chimodzimodzi namwino amene odwala akumudikira pabenchi iye ali pa mabuku. Njira yoongoka ndi kuwauza abwana poyera kuti mwayamba sukulu, kuwapatsa kalendala ya mayeso msanga, ndi kukonzeratu tchuthi. Lamulo la zantchito lija limapatsa wantchito masiku 18 a tchuthi pa chaka ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, kapena masiku 15 ngati amagwira masiku asanu, ndiponso limati munthu asagwire masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana osapuma maola 24. Masiku amenewa akagawidwa bwino amathandiza kwambiri pa nthawi ya mayeso, koma asathere onse ku mayeso, pasiyidwe ena oti munthu apumedi.

Olemba anthu ntchito nawo ali ndi mbali yawo. Wantchito amene amauzidwa 5 koloko itakwana kuti atsalire, popanda chenjezo ndiponso popanda ovataimu, sangasunge ndondomeko iliyonse, ngakhale atakhala wadongosolo chotani. Kumene anthu amagwira mosinthana, monga m'zipatala, m'mahotela ndi kwa alonda, ndandanda ya mwezi itulutsidwe msanga ndipo isasinthidwe mwachisawawa. Masiku ochepa a tchuthi cholembera mayeso, olembedwa m'mgwirizano wa pantchito kuti asadalire kukoma mtima kwa bwana wa tsikulo, sangagwetse kampani, pamene phindu la wantchito wodziwa zambiri limabwerera kwa kampani yomweyo.

Pempho langa lalikulu likupita kwa oyendetsa makoleji, mayunivesite ndi sukulu za masana zimene zimalandira anthu apantchito. Ophunzira anu si anyamata ndi atsikana ogonera pasukulu. Tsiku la mayeso likasunthidwa mwadzidzidzi, munthu amene anapempha kale tchuthi, kusungitsa ana kwa mbale ndi kukongola ndalama ya basi kuchokera ku Chitipa kapena ku Nsanje amakhala wataya zonse. Tulutsani kalendala ya chaka chonse isanayambe teremu yoyamba ndipo muisunge. Aphunzitsi a maphunziro osiyanasiyana azikambirana kuti ntchito zolemba zisagwere mlungu umodzi. Ndipo pa tsiku lolandira ophunzira atsopano, pambali pofotokoza za fizi ndi malamulo a mayeso, patulani ola limodzi loti wophunzira aliyense alembe maola ake 168 papepala mothandizidwa ndi amene anadutsamo kale, ndipo m'kalata yomuitana mulembemo kuti abwere ndi mkazi wake, mwamuna wake kapena mbale amene amakhala naye, kuti kugawana ntchito za pakhomo kuyambire pamenepo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sukulu ya masana,
Blantyre